Kalata Yotseguka kwa Nduna Yoona za Mphamvu ku Britain pa Ndondomeko Yofunditsa Nyumba

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba ngati mmodzi mwa anthu ochokera ku Malawi amene tikukhala m'dziko lino, amene ambiri mwa ife timachita lendi m'nyumba zakale za njerwa zofiira, zomangidwa mogundizana m'mizere, m'mizinda monga Leicester, Leeds, Manchester ndi Nottingham. Nkhani yanga ndi ya ndondomeko ya boma lanu yotchedwa Warm Homes Plan, imene mu Juni 2025 idapatsidwa ndalama zokwana mapaundi 13.2 biliyoni, ndi lonjezo lakuti nyumba pafupifupi 5 miliyoni zikonzedwa kuti zizisunga kufunda ndi kuchepetsa mabilu a gasi ndi magetsi. Cholingacho ndikugwirizana nacho ndi mtima wonse, pakuti munthu amene adagonapo m'chipinda chimene mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi safunika kumuuza ubwino wa nyumba yofunda. Chimene chandilembetsa n'chakuti maboma, lanu ndi ena, ayesapo ntchito imeneyi kangapo, ndipo pafupifupi nthawi zonse agwa pa chifukwa chimodzimodzi: amayamba ndi kulengeza tsiku ndi chiwerengero cha nyumba, ndipo funso lakuti ndani adzakwere makwerero kukaona ngati ntchito yagwiridwa bwino limabwera pambuyo, ndalama zitatuluka kale.

Zimene ofesi ya National Audit Office, yofufuza mmene boma limagwiritsira ntchito ndalama, idatulutsa mu Okutobala 2025 mukuzidziwa kuposa ine, koma ndizibwereza chifukwa ndi zimene ziyenera kukhala poyambira pa chilichonse chimene mukukonza. Pa nyumba zimene zidamatidwa zipangizo zosunga kufunda kunja kwa makoma pansi pa ndondomeko za ECO4 ndi Great British Insulation Scheme, zimene zinkalamula makampani a magetsi ndi gasi kulipira ntchito yofunditsa nyumba, nyumba 98 mwa 100 zilizonse zidapezeka ndi zolakwika zazikulu zofunika kukonzanso, zomwe ndi nyumba pakati pa 22,000 ndi 23,000. Pa nyumba zimene zidamatidwa m'kati mwa makoma, zolakwika zotere zidapezeka mu 29 mwa 100 zilizonse. Chiwerengero cha 98 si cha amisiri ochepa osasamala amene adalowerera pakati pa anzawo abwino. Ntchito ikalephereka pafupifupi paliponse pamene yagwiridwa, cholakwa chili m'kakonzedwe ka ndondomekoyo, ndipo amene adaikonza ndi unduna umene mukuutsogolera, ngakhale kuti ECO4 idayamba mu Epulo 2022 boma lanu lisanalowe.

Ndifotokoze pang'ono mmene khoma limaonongekera, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ikagwiridwa mwachinyengo, choipa chake n'chakuti nyumba imangokhala yozizira monga kale. Sizili choncho. Nyumba zambiri zomangidwa chaka cha 1920 chisanafike zili ndi makoma a njerwa zokhazokha, opanda mpata pakati, ndipo makoma amenewa amamwa madzi a mvula n'kuumanso ndi mphepo. Kuti nyumba yotere isunge kufunda, amisiri amamata matabwa a zipangizo zopepuka kunja kwa khoma lonse, n'kuyalapo ukonde, kenako n'kupaka pulasitala. Ngati pamwamba, pamene khoma limakumana ndi denga, pasiyidwa mpata, kapena ngati m'mbali mwa mawindo ndi pamene pamatulukira mapaipi sipadatsekedwe bwino, mvula imalowa kuseri kwa matabwawo ndipo ilibenso potulukira. Njerwa zimakhala zonyowa chaka chonse, chinyontho chimatulukira m'kati mwa chipinda, nkhungu zakuda zimamera kuseri kwa makabati ndi mabedi, ndipo mitengo yogwira pansi ndi denga imayamba kufumbwa. Palinso vuto la nthunzi ya m'nyumba momwemo. Nyumba yakale imapuma kudzera m'ming'alu yake, ndipo mukaitseka ponseponse osaikamo mafani otulutsa mpweya kukhitchini ndi kubafa, nthunzi ya kuphika, ya kusamba ndi ya zovala zoyanikidwa m'nyumba imasanduka madzi pakhoma. Ife amene timawiritsa nyemba maola angapo pa chitofu tikudziwa kuchuluka kwa nthunzi imene mphika umodzi umatulutsa. Mapeto ake, banja limene lidali ndi nyumba yozizira koma youma limatsala ndi nyumba yonyowa imene ikudwalitsa ana chifuwa ndi mphumu. Dziko lino lidaona kale mu Disembala 2020, pa imfa ya mwana wa zaka ziwiri Awaab Ishak ku Rochdale, kuti nkhungu za m'nyumba zimapha, ndipo n'chifukwa chake pali lamulo lotchedwa ndi dzina lake. N'zomvetsa chisoni kuti pamene dzanja limodzi la boma linkalemba lamulo limenelo, dzanja linalo linkayendetsa ntchito yobweretsa nkhungu m'nyumba za anthu osauka.

Zimenezi sizidayambe ndi ECO4. Ku Fishwick, mumzinda wa Preston, nyumba mazana angapo zidamatidwa kunja mu 2013 mothamangira tsiku lotsekera ndondomeko ina ya nthawi imeneyo, ndipo eni ake adakhala zaka zambiri m'chinyontho akusowa wowamvera. Mu 2016, kafukufuku amene Peter Bonfield adatsogolera adalimbikitsa kuti pakhale chizindikiro chimodzi chotsimikizira amisiri, ndipo apa ndi pamene bungwe la TrustMark lidapatsidwa udindo umenewu, n'kukhazikitsanso muyezo wa kagwiridwe ka ntchitoyi wotchedwa PAS 2035. Pa pepala zonse zidaoneka zolongosoka. Koma taonani mmene ndalama zinkayendera. Kampani yogulitsa magetsi ndi gasi idalamulidwa kukwaniritsa chiwerengero cha ntchito yokonza nyumba, choncho inkafuna ntchito yambiri pa mtengo wotsika. Kontilakitala ankalipidwa akapereka mapepala osonyeza kuti ntchito yatha. Munthu amene amayenera kuyang'anira kuti pulani ya nyumba iliyonse yatsatidwa nthawi zambiri ankalembedwa ndi kulipidwa ndi kontilakitala yemweyo. Mabungwe opereka ziphaso kwa amisiri adalipo angapo, moti kampani imene yaona kuti bungwe lina layamba kuifufuza kwambiri inkatha kusamukira ku lina. Ofgem inkayang'anira makampani a magetsi, UKAS inkayang'anira mabungwe a ziphaso, TrustMark inkasunga mapepala, unduna unkayang'ana ziwerengero, ndipo aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye akupita kukaona makoma. Vutoli lidadziwika bwino ku unduna chakumapeto kwa 2024, ndipo mu Januwale 2025 makampani 39 adaimitsidwa, patadutsa zaka zoposa ziwiri ntchito ikuchitika. Ofgem idayerekeza kuti ndalama zimene zidalandiridwa ndi mapepala abodza zikhoza kukhala pakati pa mapaundi 56 miliyoni ndi 165 miliyoni.

Ndikupemphani kuti inu ndi akuluakulu a mu unduna wanu muwerengenso zimene zidachitika ku Australia, chifukwa kumeneko mtengo wake udali miyoyo ya anthu, ndipo nkhani yonse idafufuzidwa poyera. Mu Febuluwale 2009, boma la Kevin Rudd, pofuna kuteteza chuma pa nthawi ya mavuto azachuma a dziko lonse, lidalengeza ndondomeko yoyala zipangizo zosunga kufunda pakati pa siling'i ndi denga, boma likulipira mpaka madola 1,600 pa nyumba iliyonse. Tsiku loti ntchito iyambe mwamphamvu lidaikidwa kukhala 1 Julayi 2009, ndipo tsikulo lidasankhidwa asanafunse ngati unduna wa zachilengedwe, umene udali usanayendetsepo ntchito yomanga ya ukulu wotere, ukanatha kukonzeka. Pofuna kuti anthu ambiri apeze ntchito msanga, lamulo la maphunziro lidafewetsedwa, moti wogwira ntchito sankafunika kukhala ndi luso malinga ngati pali womuyang'anira amene ali nalo, ndipo kuyang'anirako nthawi zambiri kudali kwa dzina lokha. Ntchito imene kale inkagwiridwa ndi makampani mazana ochepa idadzaza ndi makampani masauzande, ena atangotsegulidwa sabata yomweyo. Achinyamata osadziwa kanthu za magetsi ankatumizidwa kudenga ndi mapepala onyezimira a aluminiyamu ndi timisomali tachitsulo tokhomera, pamalo podutsa mawaya amoyo. Anthu a ntchito za magetsi adachenjeza, ndipo ku New Zealand anthu atatu adali atafa kale mu 2007 pokhomera mapepala a mtundu womwewo pansi pa nyumba. Pakati pa Okutobala 2009 ndi Febuluwale 2010, anyamata anayi adafa: atatu ku Queensland atagwidwa ndi nyesi ya magetsi, ndipo mmodzi ku New South Wales chifukwa cha kutentha koopsa kwa kudenga. Wamng'ono kwambiri adali ndi zaka 16. Nyumba zoposa 200 zidagwira moto, ndipo pa 19 Febuluwale 2010 ndondomekoyo idaimitsidwa mwadzidzidzi, makampani oona mtima n'kutsala ndi katundu wodzaza nyumba zosungira ndi antchito osowa chowalipira.

Bungwe lofufuza limene Ian Hanger adatsogolera lidapereka lipoti lake mu 2014, ndipo mfundo imene ndimaiona yofunika kwambiri kwa inu ndi yakuti ndondomekoyo idasenzetsedwa zolinga ziwiri zokokana. Cholinga chothira ndalama m'chuma chinkafuna liwiro ndi khomo lotseguka kwa aliyense, pamene cholinga chokonza nyumba bwino chinkafuna amisiri ophunzira ndi nthawi yoyendera ntchito, ndipo zikasemphana, liwiro ndilo linkapambana. Boma la chitaganya linkaganiza kuti chitetezo cha ogwira ntchito ndi udindo wa maboma a zigawo ndi olemba ntchito, koma silidatsimikize ngati iwo adali okonzeka kusenza katundu amene lidawaunjikira. Nduna ya zachilengedwe, Peter Garrett, idalandidwa udindo woyang'anira ntchitoyi, koma zimenezo sizidabweze aliyense.

Mwina munganene kuti za ku Australia n'zakutali. Koma patangopita zaka khumi, dziko lino lidachita zofanana, kupatulapo imfa. Mu Julayi 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, Rishi Sunak, amene adali nduna ya zachuma pa nthawiyo, adalengeza Green Homes Grant, ya makuponi a mapaundi 5,000, kapena 10,000 kwa mabanja opeza zochepa, ndipo cholinga chake chachikulu chidalinso kutsitsimutsa chuma ndi kupereka ntchito. Idakonzedwa m'masabata khumi ndi awiri okha, idatsegulidwa kumapeto kwa Seputembala, ndipo idatsekedwa pa 31 Malichi 2021. Pa nyumba 600,000 zimene zidalonjezedwa, zidathandizidwa pafupifupi 47,500, ndipo amisiri ambiri adadikira malipiro awo miyezi mpaka ena adachotsa antchito. Izi zisanachitike kudali Green Deal ya 2013, ya ngongole zobwezedwa kudzera m'bilu ya magetsi, imene idakopa mabanja pafupifupi 14,000 okha boma lisanaisiye mu 2015. Kuthamanga si kufika, ndipo pa ntchito iyi kuthamanga kwabwezera dziko m'mbuyo, chifukwa kuyambitsa ndi kutseka ndondomeko mwadzidzidzi kumathamangitsa makampani okhazikika amene amaphunzitsa anyamata awo, n'kuitana aja amene amabwera kudzakolola msanga ndi kuthawa. Kampani yanzeru siingalembe wophunzira ntchito wa zaka zitatu podalira ndalama zimene zingathe m'miyezi isanu ndi umodzi.

Pempho langa lalikulu ndi ili: pa ntchito iliyonse ya makoma yolipidwa ndi ndalama za anthu, pasatuluke malipiro onse mpaka munthu wodziwa ntchito, amene salandira kanthu kwa kontilakitala, atafika pa nyumbayo ndi kuona ndi maso ake. Afike kawiri, koyamba ntchito ili m'kati, matabwa asanakutidwe ndi pulasitala, chifukwa pulasitala ikapakidwa zolakwika zonse zabisika, ndipo kachiwiri ntchito itatha. Gawo lina la ndalama lisungidwe mpaka nyumbayo itadutsa nyengo imodzi yozizira ndi ya mvula, popeza chinyontho sichioneka tsiku lopereka makiyi. Ndikudziwa kuti a ku Treasury, unduna wa zachuma, adzanena kuti kuyendera nyumba iliyonse n'kodula ndipo kuchepetsa chiwerengero chimene mungalengeze. N'zoona kuti kuchepetsa. Koma kumata khoma, kulimatula, kuumitsa njerwa, kusintha mitengo yofumbwa ndi kumatanso n'kodula kuposa pamenepo, ndipo nyumba 22,000 zija zidawerengedwa kale ngati zopambana m'malipoti a boma zisanapezeke kuti n'zoonongeka. Ngati oyendera ntchito ali ochepa moti sangakwanitse nyumba zonse zimene mukufuna pa chaka, chiwerengero cha nyumba ndicho chitsike kuti chifanane ndi oyendera amene alipo, uku mukuphunzitsa ena.

Chogwirizana ndi ichi n'chakuti pakhale ofesi imodzi imene ikuyankha mlandu. Mayi amene khoma la chipinda cha ana ake lada sayenera kuyamba kuphunzira kusiyana kwa Ofgem, TrustMark, bungwe la ziphaso, kampani ya inshuwalansi ndi kampani ya magetsi kuti adziwe wokamudandaulira. Boma lanena kuti amisiri olakwa ndiwo akonze popanda mwini nyumba kulipira, ndipo mfundoyo ndi yachilungamo, koma imagwira ntchito pokhapokha kampaniyo ikadalipo. Kampani ikhoza kutsekedwa lero, eni ake n'kutsegula ina mawa ndi dzina latsopano. Pamene zatero, boma likonze nyumbayo ndi ndalama zake kenako lilondole olakwawo lokha, chifukwa lili ndi maloya ndi mphamvu zimene banja losauka lilibe, ndiponso chifukwa anthuwo adatsegula zitseko zawo atamva kuti ntchitoyi ndi ya boma. Ndipo amene adatsogolera makampani ochita chinyengo aletsedwe iwo eni, ndi maina awo, kulandiranso ntchito za ndondomeko yatsopano.

Pali chitsanzo chabwino m'dziko lomwe lino chimene sichitchulidwa mokwanira. Pakati pa 2007 ndi 2010, khonsolo ya Kirklees, kumene kuli Huddersfield, idayenda khomo ndi khomo, dera ndi dera, ikuyala zipangizo kudenga ndi kudzaza mipata ya m'makoma mwaulere kwa aliyense, ndipo idafikira nyumba zoposa 50,000. Ntchito imeneyo idali yosavuta poyerekeza ndi kumata makoma a njerwa zokhazokha, koma phunziro lake lilipo. Anthu ankadziwa kuti wogogoda pakhomo watumidwa ndi khonsolo yawo, amisiri ankagwira msewu wathunthu m'malo modumphadumpha, ndipo wodandaula ankadziwa ofesi yopitako. Pansi pa ECO4 zidali zosiyana: mabanja ambiri ankapezedwa ndi anthu ogogoda m'makomo kapena oimba foni amene phindu lawo lidali pa kuchuluka kwa anthu osayina. Popeza boma lidalengeza mu Novembala 2025 kuti ndondomeko ya ECO ithetsedwa, uwu ndi mpata wopereka ntchitoyi kwa makhonsolo, koma muwapatse ndalama za zaka zambiri zodziwikiratu, osati zopikisirana chaka ndi chaka, pakuti khonsolo siingalembe akatswiri oyendera nyumba ndi ndalama zimene sikudziwa ngati zidzabwerenso.

Ndisanamalize, ndilankhulepo za ife a lendi, makamaka obwera. Ndalama za ECO sizinkachokera ku misonkho ya boma, zinkaonjezedwa pa mabilu a nyumba iliyonse. Anthu ambiri ochokera kwathu adabwera ndi ziphaso zogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo ziphaso zimenezo siziwalola kulandira thandizo la boma, pamene njira yaikulu yolowera mu ECO4 idali yakuti munthu akhale akulandira thandizo limenelo. Njira ina yodzera ku khonsolo, ya mabanja opeza ndalama zosakwana mapaundi 31,000 pa chaka, idalipo, koma inkadalira kuti khonsolo ya deralo yalowa nawo, ndiponso kuti mwini nyumba wavomera. Choncho munthu wogwira ntchito usiku wonse pa malipiro otsika ankalipira nawo ndondomeko imene kwa iye khomo lake lidali lopapatiza. M'ndondomeko yatsopano, choyezera chikhale kuzizira kwa nyumba ndi kuchepa kwa ndalama zimene banja limapeza, osati mtundu wa chiphaso chimene munthu ali nacho.

Boma lanenanso kuti likufuna nyumba za lendi zifike pa mlingo wa C wa chiphaso cha EPC, chimene chimaonetsa mmene nyumba imasungira mphamvu, pofika 2030. Izi n'zabwino, koma muone ngozi yake. Mwini nyumba amene akuthamangira tsiku adzafuna njira yotsika mtengo yopezera chilembo chimenecho, ndipo amene adzagone ndi zotsatira zake ndi wa lendi, amene sadasankhe mmisiri, sadaone pulani, ndipo alibe pepala lililonse la chitsimikizo. Munthu amene chiphaso chake chokhalira m'dziko chimadalira bwana wake, ndipo malo ogona amadalira mwini nyumba, amaphunzira kukhala chete. Amagula mankhwala opukutira nkhungu n'kumapukuta sabata iliyonse m'malo modandaula. Chifukwa chake lamulo linene kuti wokhala m'nyumba apatsidwe mapepala ofotokoza ntchito imene yachitika ndi nambala ya foni ya woyendera, kuti akhale ndi ufulu woitana woyenderayo popanda kudzera kwa mwini nyumba, ndiponso kuti nyumba imene yakonzedwa ndi ndalama za boma isakwezedwe lendi chifukwa cha kukonzako kwa zaka zingapo. Woyendera akabwera aonenso ngati mafani aikidwa ndipo akugwira ntchito, ndipo afotokozere banjalo m'mawu osavuta chifukwa chake sayenera kuwazimitsa pofuna kupulumutsa magetsi.

Koma zonsezi zisanachitike pali ngongole imene ilipo kale. Mabanja masauzande ambiri akukhala m'nyumba zimene zidaonongedwa pansi pa ECO4 ndi Great British Insulation Scheme, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti chinyontho chimene akuchiona chikuchokera kuseri kwa pulasitala yatsopano ija. Ndikupempha kuti miyezi itatu iliyonse muziuza Nyumba ya Malamulo, poyera, kuchuluka kwa nyumba zimene zayenderedwa, zimene zakonzedwa n'kutsimikizidwa ndi woyendera wodziimira payekha, ndi zimene zatsala, dera ndi dera, kuti phungu aliyense adziwe za dera lake. Ndipo ntchito yatsopano yomata makoma isakulitsidwe m'dera lililonse kufikira nyumba zoonongeka za m'deralo zitakonzedwa.

Ine wanu mwaulemu,
Mmalawi wochita lendi kumpoto kwa England